Bedford MJ yosakoka pachitunda: pampu musaikhudze kaye

Achimwene, mwafunsa za Bedford MJ yanu yomwe kale inali ya asilikali. Mwati mukaponda moto imachedwa kunyamuka, pachitunda chopita ku Limbe mumsewu wa Masauko Chipembere maminibasi onse amakupitirirani, ndipo mukakhota pa tala imalimba chiwongolero n'kumalira kunsi. Mwatinso wina wakulangizani kuti mukatsegulitse pampu kuti izipereka dizilo wambiri. Chonde pampuyo musaikhudze kaye. Pali ulesi womwe loleyi inabadwa nawo, ndiye pali matenda, ndipo ndalama zambiri zimathera kwa amakaniko chifukwa chosasiyanitsa ziwirizi.

Tiyambe ndi chibadwa chake. MJ ili ndi injini ya masilinda 6, ya malita 5.4, yokhala ndi tebo (chipangizo chopopera mpweya wowonjezera mu injini), koma mphamvu yake imangopitirira pang'ono mahosipawa 100. Yopanda kanthu loleyo imalemera pafupifupi matani 5, ndipo anaipangira katundu wa matani 4. Mukawerengera itasenza katunduyo, tani iliyonse ikukokedwa ndi mahosipawa 11 kapena 12 basi. Fuso Fighter zambiri zomwe mukupikisana nazo pamsewu zili ndi mahosipawa opitirira 200. Asilikali a ku Britain sankafuna liwiro ayi. Ankafuna lole yoti ituluke m'matope, iyende mumdipiti ndi zinzake, ndiponso yoti msilikali wamba aikonze kutchire. N'chifukwa chake madifu ake (magiya a pakati pa mawilo omwe amazunguza matayala) ndi otsika kwambiri: injini imazungulira kambiri kuti tayala lizungulire kamodzi. Liwiro lake lomaliza silifika n'komwe makilomita 80 pa ola, ndipo ikafika pamenepo gavana, kachipangizo ka mupampu koletsa injini kuzungulira mopitirira muyeso, amadula dizilo, kaya mupondereze bwanji.

Giyabokosi yake ili ndi magiya 4 okha opita kutsogolo, ndipo apa ndi pomwe madalaivala ozolowera malole a ku Japan amakhumudwira. Mpata wochoka pa giya 3 kupita pa 4 ndi waukulu. Mukasintha msanga muli pachitunda, injini imagwa pansi, tebo imasiya kupopa mpweya wokwanira, loleyo n'kuyamba kubanika. Ilekeni ilire mu giya 3 mpaka mumalize chitunda. Kulira kumeneko sikuiononga. Chomwe chimaiononga ndi kuikakamiza kukoka katundu injini ikuzungulira pang'onopang'ono mu giya yapamwamba. M'mawa wa June kapena July, chiperoni chitagwa, oyilo wa mugiyabokosi, mu transfer (bokosi la magiya logawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo) ndi m'madifu awiri aja amakhala atalimba, choncho makilomita oyambirira imakhala yolemera kuposa masana. Zimenezo si vuto.

Ndiye yesani motere. Itsitseni katundu yense, injini itenthe bwino, mupeze msewu wosakwera, monga madera ena a msewu wa Zalewa mukadutsa Lunzu, ndipo liwiro muliyeze ndi GPS ya pafoni chifukwa mawotchi a malole akalewa ambiri amanama. Ikafika 70 kapena kupitirira pang'ono popanda utsi wochuluka, injini yanu ili bwino ndithu. Ikamakanirira pa 50 kapena 55, pamenepo tili ndi wodwala.

Musanafunefune matenda, onaninso zomwe mumaisenzetsa. Izi ndikunena chifukwa eni malolewa ambiri muno mu Blantyre amanyamulira mchenga, kwale ndi njerwa. Mchenga wouma umalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka pa kiyubiki mita, wonyowa wa kumtsinje umaposa pamenepo. Anyamata akawonjezera matabwa m'mbali n'kuthira makiyubiki 5, ndiye kuti mwanyamula matani 7 kapena 8 pa lole ya matani 4. Palibe pampu yomwe ingakonze zimenezo, ndipo masipuling'i, kilatchi ndi mabuleki ndi zomwe zimalipira.

Tsopano kulimba kwa chiwongolero ndi kulira kwa kunsi kuja, komwe kwandidetsa nkhawa kuposa ulesi weniweniwo. Ndikuganiza kuti mawilo akutsogolo ndi olumikizidwabe mu transfer, moti akukoka limodzi ndi akumbuyo. Lole ikamakhota, mawilo akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pa dothi kapena pamchenga matayala amaterereka pang'ono, kusiyanako n'kutha. Pa tala palibe poterera, ndiye mashafuti amapotokana, transfer imamangika, chiwongolero chimalimba, matayala amalira ndipo mphamvu ya injini imathera kulimbana ndi loleyo yokha. Nthawi zina chogwirira cha transfer cha mukabini chimaoneka kuti chabwerera pamalo pake pomwe mkati magiya akanirirana chifukwa cha kumangikako. Pitani nayo pa dothi, muibweze chambuyo mamita angapo, muyesenso kuchotsa. Ikakana, kwezani wilo limodzi lakutsogolo ndi jeke, mawilo enawo mutawatsekera ndi miyala, koma muime patali ndi tayalalo chifukwa likangochoka pansi limatha kuzungulira mwadzidzidzi. Transfer ikakhala kuti yamasukadi, wilo limenelo liyenera kuzungulira ndi manja ndipo shafuti yakutsogolo iziyenda yokha. Anzathu a Leyland DAF ya matani 4, ija ya injini ya Cummins ya malita 5.9, mawilo onse amakoka nthawi zonse ndipo ili ndi difu yapakati, koma nawonso akaiwala loko wa difuyo ali pa tala amakumana ndi zomwezi.

Matayala nawo muwayang'ane bwino. Chifukwa cha kudula kwake, anthu amagula lililonse lomwe lapezeka ku Ndirande kapena ku Limbe bola likwane pa limu, lina latsopano, lina lakutha, lina la kampani ina. Pa lole yokoka mawilo onse, matayala osiyana msinkhu amabweretsa kumangika komweku ngakhale mukuyenda mowongoka. Ayezeni ndi chingwe kuzungulira tayala lonse, onse anayi, mutawapopa mofanana. Pulesha yochepa nayonso imadya mphamvu.

Kenako mabuleki. Malole ambiri a asilikali amagulitsidwa atakhala zaka ali chiimire, ndipo masilinda a m'mawilo amachita dzimbiri n'kumakana kubwerera. Yendani makilomita asanu osaponda buleki pafupipafupi, muime, muyandikize dzanja pa dilamu iliyonse. Zitatu zikakhala zofunda chabe koma imodzi yotentha yoti simungaikhudze, mwina n'kumanunkha ngati chinthu chopserera, wakuba mphamvu wanu ndi ameneyo. Handibuleki ndi maberingi muwaone nthawi yomweyo.

Zonsezi zikakhala bwino, bwerani ku injini, ndipo muyambe ndi chinthu chosalira ndalama. Injini ili yozima, wina aponde moto mpaka pansi, inu muone ngati kachitsulo ka papampu kakufika pothera pake. Zolumikizira zimenezi zimatha, zimakhwepa, mwinanso pansi pa pedulo pamakhala matope ouma. Ndaonapo lole ikubwerera mphamvu chifukwa chongokonza pamenepa.

Mukatero werengani utsi pomwe ikukwera chitunda. Ngati ikufooka koma ku ekizozi kulibe utsi, ndiye kuti dizilo sakufika wokwanira. Thanki yomwe yakhalitsa imakhala ndi dzimbiri, madzi ndi zinyalala zakuda zonanda pansi, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta tonse timadziwa dizilo wa m'zigubu momwe amakhalira, wina wosakaniza ndi palafini. Sinthani mafyuluta, khuthulani madzi mu kabakuli kosefera, muone lifiti pampu (kapampu kokoka dizilo kuchokera kuthanki) ndi mapaipi ngati sakuyamwa mpweya. Njira yachidule yotsimikizira ndi kutenga chigubu choyera cha dizilo wabwino, kuchimangirira bwino, n'kulumikiza paipi kuti injini imwe mmenemo m'malo mwa thanki. Ikasintha khalidwe, mwadziwa kuti vuto lili kuthanki ndi mapaipi ake. Utsi wakuda wochuluka ukutanthauza kuti dizilo alipo koma mpweya ukuchepa, kapena manozo, timipopi tothira dizilo m'masilinda, sakupopera bwino: onani fyuluta ya mpweya, mapaipi a tebo ngati sanang'ambike kapena kumasuka, ndi tebo yeniyeniyo ngati shafuti yake sikugwedera. Kumbukiraninso kuti Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo kuposa wa ku Chikwawa. Tebo yabwino imabwezera zambiri mwa zimenezo, koma yotha imaonekera msanga kuno kumtunda. Utsi woyera injini itatentha kale umaloza ku taiming'i kapena madzi olowa m'silinda, wabuluu ndi oyilo.

Kilatchi siivuta kuizindikira. Muli mu giya 4 pa liwiro lochepa, pondani moto. Injini ikakwera mawu koma liwiro osakwera, ikuterereka.

Chifukwa chomwe ndikukanizira za pampu ndi ichi. Kutembenuza sikuluwu ya dizilo kumaipatsadi kamphamvu, ndipo tsiku loyamba mudzasangalala. Koma dizilo wowonjezera popanda mpweya wowonjezera amakweza kutentha kwa m'masilinda, ndipo geji ya mukabini imayeza madzi okha, siikuuzani zomwe zikuchitikira mapisitoni. Tsiku lomwe mudzakwere zitunda za kuchokera ku Thabwa muli ndi katundu, phazi lili pansi kwa nthawi yaitali mu October, ndi pomwe pisitoni imasungunuka kapena hedi kung'ambika, ndipo zipangizo za injini ya Bedford sizipezeka wamba masiku ano. Ngati mwafufuza zonse zija ndipo ikadali yofooka, chotsani manozo akayezedwe kaye. Pampu ibwere pomalizira, ndipo ipite kwa odziwa ntchito omwe ali ndi makina oyezera kuti aibwezere pa muyeso wa opanga, osati kuitembenuza pansi pa mtengo mongomvetsera ndi khutu.

Mukayesa, mutilembere pompano liwiro lomwe yafika yopanda katundu, mtundu wa utsi pachitunda, zomwe zalembedwa m'mbali mwa matayala onse anayi, komanso ngati wilo lakutsogolo likuzungulira mukalikweza ndi jeke. Koma mpaka mutatsimikiza za transfer ija, musayende nayo mtunda wautali pa tala.