Kwa mayi amene mwafunsa za mwana woyimba ABC koma wosatha kuwerenga dzina lake

Mayi, funso lanu limene mwalemba m'gulu lino ndaliwerenga kawiri. Mwati mtsikana wanu ali ndi zaka 6, ali Sitandade 1, foni amaidziwa kuposa inu, YouTube amatsegula yekha, ABC amaiyimba mpaka pa Z, koma mukamulembera dzina lake papepala amangokuyang'anani m'maso. Ndiye mukufunsa ngati mumugulire tabuleti, komanso ngati musiye kuyankhula naye Chichewa pakhomo monga ena akulangizirani pansipa. Ine ndagwira choko zaka zambiri m'Sitandade 1 ndi 2, ndipo panopa ndili ndi adzukulu okakamira foni ngati wanuyo. Ndilemba zazitali, mundipirire.

Khazikani mtima pansi kaye, mwanayo si wogona. Kungoti ABC ndi nyimbo basi. Amaiyimba monga mmene ana amayimbira nyimbo ya fuko pa asembule, mawu onse ali pakamwa koma osadziwa kuti akunena chiyani. Tamufunsani kuti "elemenopi" ndi malembo angati, mwina akuuzani kuti ndi limodzi. Za YouTube nazo musanamizike nazo. Sakuwerenga dzinalo ayi, wazindikira kachithunzi kofiira kaja, chimodzimodzi mwana wa zaka zitatu amene amadziwa kuti kiyosiki yofiira ndi ya Airtel, yobiriwira ndi ya TNM. Ndi nzeru ndithu, ndipo zikusonyeza kuti maso ndi mutu zikugwira ntchito, koma kuwerenga sikunayambe.

Kuyankhula mwana amangotola. Mukamusiya pakati pa anthu, pofika zaka zitatu akulongolola, popanda wina kumukhazika pansi. Kuwerenga sikotero. Anthu anayamba kulemba zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, dzulodzuloli tikayerekeza ndi nthawi imene anthu akhala akuyankhula, ndiye ubongo subadwa ndi malo ake a malembo. Umachita kubwereka mbali imene imazindikira zinthu ndi nkhope. N'chifukwa chake ana amasokoneza b ndi d, kapena p ndi q. Kapu ndi kapu basi, kaya chogwirira chili kumanja kaya kumanzere, ndipo moyo wake wonse mwana wakhala akudziwa zimenezo. Lero tikumuuza kuti kamimba kakayang'ana uku ndi b, kakayang'ana uko ndi d. Katswiri wa za ubongo wa ku France, Stanislas Dehaene, anafotokoza bwino nkhaniyi, kuti mwana amayenera kuiwala chizolowezi chimenechi kuti awerenge. Choncho akalemba lembo chozondoka pa zaka 6 musathyole kamtengo.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kuwerenga kumayambira m'khutu. Mwana asanaone lembo, azimva kuti mawu amaduka zidutswa. Aziomba m'manja: nye-mba, kawiri, chi-ma-nga, katatu. Azimva kuti mayi, madzi ndi mango akuyamba mofanana, ndipo nsima sali m'gulu limenelo. Akafika pamenepo m'pomwe mumamuonetsa kuti kamvekedwe kaja "mmm" kali ndi chithunzi chake, ndicho m. Apa m'pamene nyimbo ya ABC imasocheretsa, chifukwa imaphunzitsa maina a malembo m'Chingerezi, osati maliwu ake. Mwana woloweza maina mukamupatsa mawu oti bambo amati "bi, ei, emu, bi, ou", n'kuima. Palibe bambo amene angatuluke mmenemo. Koma wodziwa maliwu amati b ndi a, ba, mb ndi o, mbo, bambo. Tsiku limene mwana watulukira yekha chinsinsi chimenechi nkhope imachita kuwala, ndipo ine ndinkati ndikaona zimenezo ndinkaiwala kuti malipiro achedwa.

Tsono pa nkhani yosiya Chichewa, ine ndikukana, ndipo ndikukana kwamtuwagalu. Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera. Malembo a liwu ndi asanu okha, a e i o u, ndipo a ndi a kulikonse, m'mawa ndi madzulo. Mu Chingerezi a wa mu cat, wa mu cake ndi wa mu call ndi anthu atatu osiyana ovala malaya amodzi. Mu 2003 ofufuza motsogozedwa ndi Philip Seymour anayerekeza ana a m'maiko a ku Ulaya pakutha pa chaka choyamba cha sukulu. Ana a ku Finland, Greece, Italy ndi Spain, kumene zinenero zawo zimalembedwa mmene zimatchulidwira, ankawerenga pafupifupi mawu onse amene anapatsidwa. Ana a ku Scotland, eni ake Chingerezi, sanafike ndi theka lomwe, ndipo zinkawatengera nthawi yoposa kuwirikiza kawiri kuti awapeze anzawowo. Ganizirani, amenewo ndi ana oti Chingerezi anayamwira. Nanga wathu amene akulimbana ndi zinthu ziwiri pakamodzi, malembo achilendo ndi chinenero chachilendo?

Sindikunyoza Chingerezi. Ndikudziwa chimene chikukuwawani. Mayeso a Sitandade 8, JCE ndi MSCE amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, ndipo wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona ngakhale atakhoza masamu bwanji. Lamulo la maphunziro la 2013 nalonso linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Komabe boma lomwelo, poyambitsa National Reading Programme mu 2016, linaika kuwerenga Chichewa pambali pa Chingerezi kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, ndipo sanachite mwangozi. Luso lophatikiza maliwu munthu amaliphunzira kamodzi. Akalidziwa m'chinenero chimene amachimva, amalinyamula n'kupita nalo ku Chingerezi, malembo ake ndi omwewo. Ndinalandirapo mnyamata wochokera ku sukulu ina yolipira, ankawerenga tsamba lonse la Chingerezi mokweza, katchulidwe kokoma ngati wa pa wailesi. Nditamufunsa m'Chichewa kuti nkhaniyo ikukamba za ndani, anangoti kukamwa yasa. Ankalira ngati chinkhwe.

Palinso china chimene anthu sakonda kuchimva. Makolo ambiri akati pakhomo pano Chingerezi chokha, Chingerezi chake chimakhala cha "come here", "sit down", "stop it". Zokamba zenizeni zimatha. Simungamufotokozere chifukwa chake ngumbi zimatuluka mvula ikagwa, simungamuseketse, simungamusimbire za agogo ake. Mwana amakula ndi mawu ochepa m'zinenero zonse ziwiri. Pamene kumvetsa nkhani kumadalira kuchuluka kwa mawu ndi zinthu zimene mwana akuzidziwa kale. Wodziwa nkhokwe, dimba, chilala ndi ngongole, akadzakumana nazo m'buku, kaya m'chinenero chanji, ali ndi pogwira. Ngati Chingerezi chanu ndi chakupsa, yankhulani naye zonse ziwiri, mutu wa mwana suchepa. Koma chinenero chimene inu mumalotera musamumane.

Tibwere ku foni. Ine sinditenga foni ngati Satana, koma tidziwe chimene ingathe ndi chimene singathe. Mu 2003 momwemo, Patricia Kuhl ndi anzake ku University of Washington anatenga makanda a ku America a miyezi 9 n'kumawamvetsera Chitchaina cha Mandarin maulendo 12. Ena ankacheza ndi munthu maso ndi maso, ena ankaonera anthu omwewo pa kanema. Ocheza ndi munthu aja anaphunzira kusiyanitsa maliwu a chinenerocho. Oonera kanema sanatolepo kanthu, anangofanana ndi amene sanachimvepo. Kanema sadikira mwana kuti ayankhe, saona kuti wasokonezeka, sabwereza pamene pavuta. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere n'komwe, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Wanuyo wadutsa msinkhu umenewo, koma funso ndi lomwelo: maola amene ali pa katuni, akanakhala akuchita chiyani? Nthawi zambiri akanakhala akucheza ndi munthu.

Wina pansipa wati nanga bwanji boma likugawa matabuleti m'sukulu. Zoona. Zinayamba ndi bungwe la ku Britain la onebillion pamodzi ndi bungwe la anthu ongodzipereka la VSO, anayesera pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe cha mu 2013, ndipo kuyambira 2023 boma likuzifalitsa m'sukulu za pulayimale kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, matabuleti otchajidwa ndi sola. Koma taonani kusiyana kwake. Zimene zili mmenemo ndi za m'Chichewa, zimayamba ndi liwu limodzi n'kumakwera pang'onopang'ono, mwana amayenera kugwira yankho kuti apitirire, akalakwa zimamubweza, ndipo nthawi yake ndi yoyezedwa. Mulibe katuni wina womukopa pambali. Tabuleti ya mu shopu yokhala ndi bando ya intaneti ndi chinthu chinanso. Ngakhale ku Sweden, kumene anathamangira kuika zipangizozi mpaka ku sukulu za mkaka, mu 2023 boma lawo linabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuikanso ndalama pa mabuku a mapepala. Ndiye mukandifunsa ine, ndalama ya tabuletiyo gulani timabuku ta nthano, makope, mapensulo ndi choko, yotsalayo mugule mazira.

Kulemba ndi dzanja musakupeputse. Karin James wa ku Indiana University anapeza mu 2012 kuti ana a zaka zisanu amene analemba okha malembo ndi dzanja, ubongo wawo unkadzuka mbali zowerengera akaonanso malembowo, kusiyana ndi amene anangodina pa kompyuta. Ife akale tinkalemba pamchenga ndi chala pansi pa mtengo, tinkayesa umphawi, osadziwa kuti ndi mankhwala. Mupatseni khala alembe pasimenti kuseri kwa nyumba, aumbe m ndi dothi.

Musayembekezere kuti aphunzitsi amaliza zonse. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, pamene ana pafupifupi miliyoni imodzi analowa sukulu pakamodzi, makalasi a ana aang'ono sanapumepo. Ine ndinakhalapo ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi. Onse akamakuwa pamodzi "ma me mi mo mu" mumayesa akudziwa, pamene akutsogolera ndi khumi, ena akungotsatira mkokomo. Kafukufuku wa kawerengedwe ka ana wa mu 2010 anapeza kuti ana oposa theka a Sitandade 2 m'dziko muno sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a m'nkhani ya Chichewa. Munthu amene angakhale pansi ndi mwana wanu yekha n'kumva pamene akukakamira ndi inuyo.

Sizifuna maola. Mphindi 15 patsiku, nsima ili pamoto kapena mutatha kudya, koma tsiku lililonse. Yambani ndi malembo ochepa, a, m, n, o, e, muwalembe pa zidutswa za katoni. Ndi amenewa okha atha kupanga ana, ona, mano, amama, nena. Mawu ngati nkhwani, mphwayi ndi ng'ombe asungeni kaye, amenewo ndi mapiri. Mukadzafika pa ph, th ndi kh, muikitseni dzanja pakamwa anene pala kenako phala, kola kenako khola, amve kampweya kakumuomba m'dzanja, ndipo h uja sadzamuiwalanso. Ng' wa mu ng'ona ndi ng wa mu ngolo amavutitsa ngakhale akuluakulu a m'gulu lino, ndimaona mmene mumalembera.

Zowerenga zili paliponse: paketi ya shuga, chikwangwani cha minibasi, buku la nyimbo la kutchalitchi, kalendala. Ngati muli pafupi ndi nthambi ya laibulale ya National Library Service, kalembetseni. Foni yomweyo isandutseni kapolo. M'malo mwa voisi noti, mwanayo alembe yekha uthenga wa pa WhatsApp kwa bambo ake kapena azakhali, ngakhale mawu awiri okha, "moni ababa", ndipo yankho likabwera aliwerenge yekha. Mwana akaona kuti malembo ake afika kwa munthu ndipo munthuyo wayankha, simudzachitanso kumukakamiza. Madzulo magetsi akazima musadandaule, yambani "Padangotelo", iye ati "Tilitonse". Pakati pa nthano imani, mumufunse kuti ukuganiza Kalulu atani pamenepa, nanga Fisi walakwitsa pati. Mawa akusimbireni iyeyo. Mafunso amenewo ndi omwe adzakumane nawo pa mayeso a kumvetsa nkhani, kungoti lero akuyankha ali pamwendo panu.

Chomaliza, yang'anirani thupi. Mwana amene khutu limatuluka mafinya kawirikawiri, kapena amene mumachita kumuitana katatu, sangasiyanitse pala ndi phala, mupite naye kuchipatala. Chimodzimodzi wotsinzinira poyang'ana pa bolodi. Ndipo ngati mwayesetsa mokhulupirika mpaka kumapeto a Sitandade 2 koma m ndi a sakuphatikizikabe, pamene pa zina zonse ndi wochangamuka, kambiranani ndi aphunzitsi ake za vuto lovutika kuwerenga lotchedwa dyslexia, mufunse ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Koma pa zaka 6, ndi zimene mwalembazi, ine sindikuona chodetsa nkhawa.

Dulani katoni uja lero. Pakatha milungu iwiri mudzalembe pomwe pano kuti mawu oyamba amene wawerenga yekha ndi ati, ndidzakuuzani malembo oti muwonjezere.