Mwana wanga aphunzire za mahotela chifukwa choti kwathu ndi kunyanja?

Bambo wina wa ku Monkey Bay walemba kuti mwana wake wamkazi wakhoza mayeso a MSCE ndipo akufuna kuphunzira za mahotela ndi zokopa alendo, pomwe iwo monga kholo akufuna kuti achite zamagetsi ku sukulu ya ntchito zamanja. Mtsikanayo akuti anzake ogwira ntchito m'maloji a ku Cape Maclear amapeza ndalama zambiri kuposa aphunzitsi, makamaka chifukwa cha matipu a azungu. Funso la bamboyu ndi lakuti: kodi n'zoona kuti malipiro a kunyanja amaposa a madera ena, ndipo kodi n'kwanzeru kuti mwana amange tsogolo lake pa alendo?

Bambo, choyamba ndikuuzeni kuti m'Malawi muno malipiro sasiyana kwenikweni potengera boma limene munthu akukhala, koma potengera amene wamulemba ntchitoyo. Mphunzitsi wa boma amene ali pa giredi imodzi ndi mnzake amalandira malipiro ofanana, kaya ali ku Chitipa, ku Nsanje kapena ku Mangochi, ndipo n'chimodzimodzi ndi anamwino, apolisi ndi alangizi a zaulimi. Malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola nawonso sasiyana potengera dera. Mu 2021 anali K50,000 pa mwezi, mu Febuluwale 2024 anakwera kufika pa K90,000, ndipo mu 2025 anafika pa K126,000. Chimene chimasiyanitsa madera ndi mtundu wa mabwana amene ali m'deralo. Ku Lilongwe kuli likulu la boma, maofesi a akazembe ndi mabungwe akuluakulu. Ku Blantyre kuli malikulu a mabanki ndi makampani. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa anthu amayang'ana ku minda ya nzimbe ndi fakitale za shuga za Illovo. Ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi tiyi. Kwanuko ndi usodzi ndi alendo. Choncho wowerengera ndalama wa ku Blantyre akamalandira zambiri kuposa wa ku Monkey Bay, chifukwa chake n'chakuti wina akuwerengera banki pamene mnzake akuwerengera loji ya zipinda khumi.

Zimene mwana wanu wamva kwa anzake sizabodza kotheratu. Woperekera zakudya pa loji yolandira alendo akunja akhoza kupeza ndalama zabwino m'mwezi wa Ogasiti, ndipo tipu ikabwera m'madola imakhala ndi mphamvu kwambiri, makamaka chichitikireni kuchepetsedwa kwa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Vuto n'lakuti munthu akamafotokoza za ntchito yake amatchula mwezi umene zinamuyendera, satchula wa Febuluwale. Alendo akunja amachuluka m'nyengo yopanda mvula, kuyambira cha m'Meyi mpaka Okutobala. Amalawi anzathu amakhamukira kunyanja pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa tsiku la anakubala, 15 Okutobala, ndipo ambiri amafika ndi zakudya zawo m'galimoto n'kubwerera tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mvula ikalimba, maloji ang'onoang'ono ambiri amachepetsa antchito, ena amawapatsa tchuthi chosalipidwa, ndipo amene analembedwa ngati aganyu amangouzidwa kuti adzaitanidwa.

Muwerengere limodzi ndi mwanayo motere, ndipo ziwerengerozi ndi chitsanzo changa chabe. Tinene kuti munthu akupeza K200,000 pa mwezi, kuphatikiza malipiro ndi matipu, koma akugwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri yokha pa chaka. Pakutha pa chaka wapeza K1,400,000. Mnzake amene akulandira malipiro otsikitsitsa a mu 2025 aja, K126,000, koma miyezi yonse khumi ndi iwiri wapeza K1,512,000. Woyambayo ndi amene amaoneka wandalama pamudzi, koma wachiwiriyo wamuposa, ndipo ngati analembedwa motsatira lamulo, bwana wake akumuikira 10 peresenti ya malipiro ku thumba la penshoni pamene iye mwini akuikako 5 peresenti. Tipu silowa m'chiwerengero cha penshoni, silowa m'ndalama zimene munthu amalandira ntchito ikatha, ndipo banki siiwerengera pamene munthu akupempha ngongole. Ndalama yoyenera kuyerekezera ntchito ziwiri ndi ya chaka chathunthu, ndipo ikhale yolembedwa pa kalata ya ntchito.

Tsopano za kudalira alendo. Boma la Mangochi lonse silidalira zokopa alendo. Anthu ambiri kumeneko amakhalira ulimi, usodzi, malonda ndi ndalama zimene abale awo amatumiza kuchokera ku Joni. Koma pali timadera tina pamene alendo ndiwo mtima wa chilichonse, monga mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, umene uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Senga Bay ku Salima, gombe la Nkhata Bay ndi chilumba cha Likoma zili ndi khalidwe lofananako. M'malo oterewa mlendo mmodzi amadyetsa anthu ambiri: woyendetsa boti, wosema ziboliboli, mayi wochapa zovala, msodzi wogulitsa kampango ku khitchini ya loji, mlimi wa tomato ndi wakabaza. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo kuopsa kwake kuli pomwepo, chifukwa mlendoyo akasowa onsewa amasowa pogwira tsiku limodzi, ndipo palibe amene angabwereke mnzake.

Inu a ku Monkey Bay munaziona ndi maso mu 2020, pamene ndege zonyamula anthu zinaimitsidwa kuyambira mwezi wa Epulo chifukwa cha Covid-19 ndipo maloji anakhala miyezi yambiri opanda mlendo. Kolera wa 2022 ndi 2023 anaopsezanso apaulendo. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka madzi analowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, magombe a mchenga n'kumira. Onjezanipo kusowa kwa mafuta a galimoto, kumene kumalepheretsa anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe kupita kunyanja kumapeto kwa sabata. Palinso chinthu china chimene ophunzira ambiri sachidziwa: mahotela akuluakulu a kunyanja amapeza gawo lalikulu la ndalama zawo kuchokera ku misonkhano ya boma ndi mabungwe, osati kwa azungu odzasambira. Boma likalengeza kuti likuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito ndi kuletsa misonkhano ya kunyanja, kapena mabungwe akunja akachepetsa thandizo, woyala mabedi ku Mangochi amamva kuwawa kwake ngakhale sanapiteko ku Capital Hill. Zonsezi zachitika m'zaka zochepa zapitazi, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene wantchito wa pa loji akanachiletsa ndi khama lake.

Sindikunena izi kuti mumuletse mwanayo. Ntchito za mahotela zili ndi makwerero, ndipo kusiyana kwa malipiro pakati pa wapansi ndi wapamwamba m'hotela imodzi n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa pakati pa Mangochi ndi Lilongwe. Oyeretsa m'zipinda, otsuka mbale, alonda ndi osamalira maluwa kawirikawiri amakhala pafupi ndi malipiro otsikitsitsa, chifukwa ofuna ntchito zimenezi ndi ambiri ndipo bwana sachedwa kupeza wina. Wophika waluso, woyang'anira malo olandirira alendo amene amadziwa kompyuta yosungitsira zipinda, wowerengera ndalama ndi manijala amakhala ndi mawu pokambirana za malipiro, popeza akachoka loji imavutika. Kampani yaikulu ngati Sunbird, imene ili ndi mahotela m'mizinda komanso ku Nkopola ndi ku Salima, ili ndi magiredi a ntchito ndi mwayi wosamutsidwa, zimene loji ya munthu mmodzi singapereke. Kumalo osungirako nyama kulinso njira ina: bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa Majete mu 2003, kenako Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, ndipo m'malo amenewa mumafunika oteteza nyama, amakaniko ndi ogwira ntchito ndi midzi yozungulira, pomwe maloji a m'katimo amafuna operekeza alendo odziwa bwino nyama ndi mbalame.

Ngati mtima wa mwanayo uli pa mahotela, aphunzire mbali imene angainyamule n'kupita nayo kwina. Malawi Institute of Tourism imaphunzitsa zophika, zoperekera zakudya ndi zakumwa, zolandira alendo ndi zosamalira zipinda, ndipo ophunzira ake amayeserera ntchito pa hotela yeniyeni monga Alendo ku Blantyre. Amene anakhoza bwino kwambiri angayesere digiri ya zokopa alendo kapena ya kayendetsedwe ka mahotela ku Mzuzu University. Mwa zonsezi, ine ndimalimbikitsa kuphika kwa mwana amene kwawo kulibe chuma choti angatsamire, chifukwa wophika akachotsedwa pa loji angathe kulembedwa pa sukulu yogonera konko, pa chipatala, pa kampani yophikira maukwati, kapena kuyamba kuphika makeke ndi buledi payekha. Woperekeza alendo pa boti, ngakhale atadziwa dzina la mbuna iliyonse ya m'nyanja, luso lake limagona pansi tsiku limene alendo asiya kubwera.

Maganizo anu a zamagetsi nawonso musawaone ngati otsutsana ndi zimene mwanayo akufuna. Loji iliyonse ya kunyanja imadalira mafiriji, makina oziziritsa m'zipinda, mapampu a madzi, jenereta ndi magetsi a dzuwa, ndipo zimenezi zikawonongeka eni ake nthawi zambiri amaitanitsa mmisiri kuchokera kutali n'kumulipirira ndi ulendo womwe. Mtsikana amene waphunzira zamagetsi kapena zokonza mafiriji kudzera ku TEVETA, pa imodzi mwa sukulu za ntchito zamanja, angadye ndalama za alendo popanda kudalira alendo okha, chifukwa miyezi imene maloji ali zii adzakonzera ogulitsa nsomba, zipatala, zigayo ndi mashopu. Pafupi ndi kwanu komweko palinso sukulu ya zapamadzi ya ku Monkey Bay ndi sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe, zimene makolo ambiri a m'deralo amazidutsa pa minibasi osaganizako kuti ana awo angaphunzirepo. Ndikudziwa kuti ena adzanena kuti zamagetsi ndi ntchito ya amuna. Amene amanena zimenezi sanaonepo atsikana amene akumaliza maphunziro amenewa chaka ndi chaka.

Pa nkhani yoyerekeza kunyanja ndi m'tauni, musaiwale mtengo wa moyo. Malipiro a ku Lilongwe akhoza kuoneka okwera, koma lendi ya ku Area 25 kapena ku Kawale ndi minibasi ya tsiku ndi tsiku zimadya gawo lalikulu, pamene mwana wogwira ntchito pa loji ya kufupi ndi kwawo amagona pakhomo ndipo nthawi zambiri amadya chakudya cha masana kuntchito. Komabe madera odzadza ndi alendo ali ndi kukwera mitengo kwawokwawo, ndipo inu mukudziwa bwino kuti chambo chimene chimagwidwa pakhomo panu ambiri a m'mudzi sachikwanitsanso kugula.

Musanalipire fizi kulikonse, mutengeni mwanayo mukacheze ndi anthu awiri kapena atatu amene agwira ntchito m'maloji kwa zaka zosachepera zisanu, osati amene anayamba chaka chatha. Akawafunse kuti kalata yawo ya ntchito imatchula ndalama zingati, amalandira miyezi ingati pa chaka, ndalama za penshoni zimaperekedwadi kapena ayi, amagwira maola angati pa sabata poyerekeza ndi maola 48 amene lamulo la ntchito limanena, ndiponso anakhala bwanji mu 2020. Kenako akachite chimodzimodzi ndi mmisiri wa zamagetsi wa pa Mangochi boma. Sukulu imene mungasankhe mufufuzenso ngati inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku National Council for Higher Education, chifukwa timasukulu ta za mahotela tachuluka m'matauni ndipo satifiketi ya kwina mabwana saiyang'ana n'komwe. Ngati pambuyo pa maulendo amenewa mwanayo adzanenebe kuti akufuna mahotela, muloleni, koma mugwirizane kuti ayambire kukhitchini kapena ku ofesi yowerengera ndalama, ndipo chaka choyamba cha ntchito azisunga padera ndalama za matipu kuti zidzamudyetse kuyambira Januwale mpaka Malichi.