Yankho kwa Azakhali pa za Matenda a Crohn

Azakhali, ndamvetsera uthenga wanu umene mwafunsa ngati matenda a Crohn, otupitsa matumbo, amene madokotala a ku England apeza mwa msuweni wanga, amayamba ndi mabakiteriya, komanso chifukwa chimene sakumupatsa mankhwala opha tizilombo kuti achiriretu.

Mabakiteriya akukhudzidwadi, koma si obwera ndi madzi oipa monga zimakhalira ndi kolera kapena kamwazi. Munthu aliyense wathanzi amakhala ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ambiri mwa iwo m'matumbo aakulu, ndipo amagaya mbali ya nyemba, masamba ndi mgaiwa imene mimba yathu singathe kugaya, n'kutulutsa chakudya chimene khungu la m'kati mwa matumbo limadalira. Kwa wodwala Crohn, chitetezo cha m'thupi chimayamba kulimbana ndi mabakiteriya a m'thupi momwemo, ngati galu wolondera amene wayamba kuluma ana a pakhomo, ndipo kulimbanako ndi kumene kumatupitsa matumbo, kubweretsa zilonda, kutsegula m'mimba ndi kuwonda. Nchifukwa chake matendawa sapatsirana, ndipo palibe chifukwa chomupatulira mbale kapena kapu akadzabwera kudzakuonani.

Umboni umene ine ndimauona wamphamvu unachokera ku Leuven, m'dziko la Belgium, mu 1991. Madokotala anaona kuti odwala amene anachitidwa opaleshoni, chimbudzi n'kupatutsidwa kuti chizitulukira pamimba, mbali ya matumbo imene chimbudzicho sichinkadutsamo inkakhala yopanda zilonda, koma atangolumikizanso matumbowo zilonda zinkabwerera. Mu 2001 akatswiri ena anapeza kuti matendawa amakhudzana ndi jini (kachidutswa ka chibadwa chimene timatengera kwa makolo) yotchedwa NOD2, imene imathandiza thupi kuzindikira mabakiteriya, ndipo amene anabadwa nayo yolakwika amadwala matendawa mosavuta. Choncho chibadwa chili ndi mbali yake, ngakhale kuti sichokhacho.

Mankhwala opha tizilombo sasankha, amapha abwino ndi oipa omwe, pamene odwalawa amakhala kale ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya othandiza, makamaka wina wotchedwa Faecalibacterium prausnitzii amene amachepetsa kutupa. Madokotala amawapereka pakakhala chithupsa kapena mafinya, koma matenda enieniwo amawaziziritsa ndi mankhwala ofatsitsa chitetezo cha m'thupi, ndipo amenewo msuweni wangayo asawasiye ngakhale atamva bwino.

Za chambiko ndi yogati zimene mwatchula, angathe kumwa ngati mimba yake ikulola mkaka, koma kafukufuku sanasonyeze kuti zimachiza Crohn, ndipo mabotolo odula amene amatsatsidwa pa Facebook ndimaona kuti n'kutaya ndalama chabe. Ngakhale nyemba ndi masamba zomwe ndatamanda zija, matenda akabuka kapena matumbo akaning'a penapake zingathe kumupweteka, choncho afunse kuchipatala chake asanasinthe kadyedwe.

Chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti mumuuze lero n'chakuti awafotokozere madokotalawo kuti anakulira ku Malawi. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn, ndipo mankhwala ofatsitsa chitetezo angathe kudzutsa TB imene inagona m'thupi, motero ayenera kumuyeza kaye asanamuyambitse mankhwala amphamvuwo.