Kodi ana a masiku ano alibe nazo ntchito za dziko lawo?

Mayi wina anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti mwana wawo wa zaka 23 wakana kukalembetsa m'kaundula wa zisankho, ndipo atamudzudzula anayankha kuti dziko silinamuchitirepo kanthu. Funso lawo n'lakuti, "Kodi tinalakwitsa pati powalera anawa?" Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu a mwana wanuwo ine ndinawalankhulapo kwa bambo anga.

Bambo anga ankasunga malisiti a msonkho m'kachitini ka dzimbiri pansi pa bedi, atawamanga ndi mphira. Tsiku la chisankho ankadzuka kusanache n'kupukuta nsapato ngati akupita ku ukwati. Anagwira ntchito zaka zoposa 30 osajombapo, ndipo bwana akawanyoza ankangoweramitsa mutu. Ndili mnyamata zimenezi zinkandipsetsa mtima kwabasi. Atapuma pantchito penshoni yawo inachedwa miyezi yambirimbiri, ofesi ina n'kumangowabweza kuti bwerani mawa. Tsiku lina ndinawafunsa mwachipongwe kuti malisiti onsewo awapindulira chiyani. Sanandiyankhe. Anatseka kachitini kaja manja akunjenjemera, n'kutuluka panja. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Kachitiniko kali ndi ine tsopano, ndipo sindinatayemo pepala ngakhale limodzi.

Komabe ndinene mosabisa mawu. Zina zimene timazitcha udindo mwa makolo athu anali mantha chabe. Bambo anga dziko ankalikonda ndithu, koma ankaopanso kufunsa. Mwana wanga wamkazi safuna n'komwe kumva zoti "ndi mmene zimakhalira". Chaka chatha anasiya ntchito yabwino atauzidwa kuti asaine mapepala abodza. Ndikukhulupirira kuti agogo ake akanasaina, n'kukalira okha kuchipinda. Ndiye pa awiriwa, amene watumikira dziko ndani? Ine ndimakana kwamtuwagalu zoti achinyamata alibe mtima. Akuluakulu amene timadandaula kwambirife ndife tinaphwanya pangano. Tinawauza kuti limbikirani sukulu mudzapeza ntchito. Analimbikira, ntchito osaioneka, ndipo lero tikufuna aziimba nyimbo ya fuko mokweza kuposa ife.

Nkhaniyi si ya dziko limodzi ayi. Katswiri wa ku America, Ronald Inglehart, analemba mu 1977 kuti anthu okulira m'nkhondo ndi m'masautso amaika patsogolo chitetezo ndi bata, pamene okulira mumtendere amafuna ufulu wolankhula komanso kukhala ndi mawu pa zimene boma likuchita. Taonani za usilikali wokakamiza. America inausiya mu 1973, Germany inauimitsa mu 2011. Sweden inausiya mu 2010, koma mu 2017 inaubwezeretsa, Russia italanda dera la Crimea ku Ukraine mu 2014, ndipo ulendo uno akazi nawonso amaitanidwa. Anthu akaona choopsa ndi maso awo, zimene ankati n'zachikale amazitolanso.

Ndipatuke pang'ono. Ku China anachita kukhwimitsa lamulo mu 2013 lokakamiza ana kuti azikaona makolo awo okalamba. Lamulo limenelo limandimvetsa chisoni chifukwa limandiloza chala. Bambo akudwala ine ndinkatumiza ndalama mwezi uliwonse, koma zopita kukawaona ndinkangoti mwezi wamawa. Pamene agogo anga ankadwala, bambowo anawasamala ndi manja awo, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pogona. Ine ndinaganiza kuti ndalama yakwanira, mpaka foni inalira pakati pa usiku. Apa ndiye ndimavomera kuti pali chinthu chimene m'badwo wanga unataya, ndipo sindingachikankhire kwa ana.

Nanga muchite chiyani, Amayi?

Musamunyoze pamaso pa anzake, ndipo musamuuze kuti nthawi yanu zinthu zinali bwino, sangakukhulupirireni. Mufunseni chimene dziko linamulakwira, mumumvere mpaka amalize. Kenako mumuuze zoona, kuti andale amawerenga amene amavota, wokhala kunyumba samuganizira. Tsiku lokalembetsa likafika mumupemphe angokuperekezani, ndipo panjira mumufotokozere mmene munamvera tsiku loyamba limene munaponya voti. Akakana musakangane naye, mudzamupemphenso ulendo wina.