Yankho: tsinde la rosa do deserto likafewa

Amayi a ku Ulongwe, mwafunsa chifukwa chake duwa lanu la rosa do deserto, lija ena amati Adenium, masamba ake akuchita chikasu ndipo tsinde likufewa. Ine ndikuona kuti madzi achuluka. Tsinde lonenepalo ndiye nkhokwe yake ya madzi, choncho mukamathirira tsiku ndi tsiku mizu imawola.

Musachedwe, lizuleni lero lomwe. Sasani dothi lonse muone mizu. Paliponse pamene pada ndi kufewa, dulani ndi mpeni wakuthwa mpaka mufike poyera ndi polimba. Pabalapo pakani phulusa, kenako ligonekeni pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi kuti paume. Podula valani jumbo m'manja chifukwa utomoni wake ndi poizoni, ndipo zodulazo zitayeni kutali ndi ana komanso mbuzi.

Pobzalanso, dothi lamakande la kudimba ayi ndithu. Sakanizani mchenga wokhakhala wa kumtsinje, makala ophwanya ndi manyowa owolerana pang'ono, mumphika wobooka pansi. Tsinde lonenepalo lizionekera pamwamba, musalikwirire.

China n'chakuti kwanu ku Angónia kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, mosiyana ndi kuno ku Moatize kumene duwali limakondwa ndi kutentha. Nthawi imeneyo limayoyola masamba n'kupuma, ndipo ambiri amaganiza kuti lili ndi ludzu n'kuliwonjezera madzi. Lisiyeni louma, mudzayambe kuthirira kukafunda mu Seputembala, ndipo muzidikira dothi liume kaye musanathirenso. Duwali lizilandira dzuwa maola 6 kapena kuposa pa tsiku, koma mvula ikalimbikira likokereni pakhonde.