Chokoleti chauma m'poto: yankho kwa mayi amene anandilembera Lachiwiri

Imelo yanu ndaiwerenga kawiri achemwali. Mukuti munafuna kupanga mousse ya chokoleti ija ya ku France, chotsekemera chofewa cha chokoleti ndi thovu la mazira, pa tsiku lobadwa la mwana, chokoleti chinauma gwa nkusanduka mibulu, ndiye abambo akunyumba akuti ndalama ya ndiwo za sabata yonse mwaithera pa zachizungu. Funso lanu nloti mugule uvuni wina kapena ayi.

Musagule. Mousse siilowa mu uvuni nkomwe. Koma mawu a abambowo ndi amene andikhudza, chifukwa ine ndinawamvapo omwewo, ndiye mundipirire ndiyambire kutali.

Ndili mtsikana ndinagwirako ntchito kukhitchini ya loji ina kunyanja, kutsuka mbale ndi kusenda mbatata, ndipo wamkulu wa khitchini anali mdala wina wa ku France, wamfupi, wosachedwa kupsa mtima. Tsiku lina anandipatsa chokoleti kuti ndisungunule, ine osafunsa, ndinangoika poto pamoto ngati ndikuphika phala la mwana. Fungo lopserera linadzaza khitchini yonse. Mawa lake anandionetsa njira yawo imene amati bain-marie, poto wa madzi otentha pansi, mbale pamwamba yosakhudza madziwo, chokoleti chizisungunuka ndi nthunzi yokha. Ndinati apa ndiye ndatha. Chikusungunuka bwinobwino, chonyezimira, ine ndatenga supuni imene ndangotsuka kumene osaipukuta, kuvundula kamodzi kawiri, basi chinthu chija chinalimba pamaso panga, chakuda bii, chamibulu ngati nsima ya munthu wophunzira kumene. Ndinalira, osati pang'ono, poganiza kuti andidula malipiro.

Mdala uja tsiku limenelo sanakalipe. Anatenga mbale ya shuga, nkuviikamo supuni yonyowa, nkundionetsa mmene shuga wamatirirana. Ndi zomwezo zimachitika mu chokoleti: muli shuga ndi ufa wa koko zimene zikuyandama m'mafuta, kadontho kamodzi ka madzi kakalowa, shuga uja amanyowa nkugwirana. Chodabwitsa nchoti mankhwala ake ndi kuwonjezera zamadzi zomwezo. Anathiramo kirimu wotentha pang'onopang'ono akuvundula, mibulu ija inasungunuka, nkukhala chimene amati ganache, usiku womwewo alendo anadyera pa keke osadziwa kanthu. Ndiye ngati chanu chija munataya, pepani, chinali chisanafe.

Tsopano nkhani ya "zachizungu" ija. Ine mawu amenewa amanditopetsa kwabasi. Pafupifupi theka la koko wa dziko lonse amalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, ndi alimi akuda ngati ife, ena a iwo sanalaweko nkomwe chokoleti chokutidwa papepala. Chomera cha koko kwawo kwenikweni ndi ku America, a ku Spain ndi amene anatenga chakumwa cha chokoleti kupita nacho ku Ulaya, ndipo ku France amati chinafika kunyumba yachifumu nthawi imene Anne of Austria, mwana wa mfumu ya ku Spain, anakwatiwa ndi Mfumu Louis XIII mu 1615. A French nawonso anachita kuphunzira kwa ena. Nanga ife tikaphunzira ndiye chalakwika nchiyani? Buledi timadya m'mawa uliwonse uja anayambira pamudzi pa yani?

Komabe pa nkhani ya ndalama abambowo sakunama. Mu 2024 mtengo wa koko pa msika wa dziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani, ndipo aliyense wogula chokoleti anazimva m'thumba. Apa ndi pamene ambiri timagwera, timathawira ku chija chotchipa cholembedwa cooking chocolate kapena baking slab. Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Ngati m'malo mwa cocoa butter alemba vegetable fat, bwezani pa shelefu. Mafuta enieni a koko amasungunuka pa kutentha kwa thupi la munthu, nchifukwa chake chokoleti chabwino chimatha chokha pa lilime, pamene chinacho chimakusiyirani zomata mkamwa ngati mwatafuna kandulo. Chokongoletsera makeke a ana chimenecho nchabwino, sindikukana, koma mousse ayi. Mu mousse mulibe pobisala, ndi chokoleti ndi mazira basi. Bola kupanga theka ndi chabwino kusiyana ndi beseni lonse la kandulo, pamenepa sindisintha maganizo ngakhale mundilembere maimelo khumi.

Za uvuni mwatchulazo zandikumbutsa fondant, kakeke kaja ukakadula pakati chokoleti chimayenderera. Wotchuka nako ndi Michel Bras, katswiri wophika wa ku Laguiole ku France, amene anatulutsa kake kotchedwa coulant mu 1981, iye amaika ganache wozizira gwa pakati pa keke asanaphike. Yapanyumba ndi yachidule, keke wongophikidwa mosapsetsa pakati, mphindi 10 kapena 12 pa madigiri 200. Ine ndinafuna kudzionetsera nayo kwa apongozi anga atabwera kudzationa, ndangoika mu uvuni magetsi thii. Ndinathamangira pa mbaula, mchenga pansi pa poto, makala pa chivundikiro ngati tikuphika chigumu, koma mbaula ilibe madigiri achemwali, tina tinapsa mpaka pakati tina tinatuluka phala. Apongozi analawa nkunena mwaulemu kuti "mwina kanafunika kakhalitseko pamoto mayi". Mpaka lero akamandiona ndi chokoleti amafunsa ngati chapsa. Ndiye fondant isiyeni kaye.

Kapangidwe kake tsopano

Muyezo umene mabanja ambiri ku France amagwiritsa ndi magalamu 200 a chokoleti chakuda, cha koko wa 60 mpaka 70 peresenti, mazira 6 ndi kamchere kotsina. Poyeserera chitani theka, magalamu 100 ndi mazira atatu. Chiduleni tizidutswa, sungunulani pa nthunzi, madzi asamawire mwaukali, mbale ndi supuni zikhale zouma. Chotsani pamoto chizizireko mpaka chikhale chofunda chabe mukakhudza ndi chala, kenako thiranimo zachikasu za mazira, mukathira chili chotentha mazirawo apsa. Zoyera zija menyani padera ndi kamchere kaja mpaka thovu liziima lokha, mbale yake isakhale ndi mafuta kapena kadontho kachikasu, apo ayi mumenya mpaka mkono kuwawa osaona thovu. Whisk yamanja, chomenyera mazira chija, imakwana, makina si ofunika. Tengani gawo limodzi mwa atatu la thovulo musakanize mwamphamvu kuti chokoleti chifewe, lotsalalo muzilowetsa modekha, kuchokera pansi kubweretsa pamwamba, osapukusa ngati thelere chifukwa mpweya umene mwavutikira uja uthawa. Ikani m'makapu, mufiriji maola atatu kapena kuposa.

Mazirawa amakhala osaphika, ndiye gulani atsopano osasweka, ndipo amayi oyembekezera, ana aang'ono kwambiri ndi odwala asadye. Kwa iwowo pangani ganache: kirimu wotentha ndi chokoleti kulemera kofanana, thirani kirimu pa chokoleti chodula, dikirani mphindi ziwiri, vundulani, perekani ndi nthochi kapena sitiroberi za ku Zomba ikakhala nyengo yake. Simunandiuze mwanayo ali ndi zaka zingati, mundiyankhe pamenepo. Ndipo ngati kwanuko magetsi amavuta ngati kuno, mousse yotsala musaigoneke, ithe tsiku lomwelo.