Makina osokera alipo, nanga wosoketsa ali kuti?

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa zaka 23. Dzina lake ndi kumene amakhala ndasunga. Adamaliza sekondale koma sadapitirire, kenako bungwe lina lidafika kudera lawo kudzaphunzitsa achinyamata ntchito zamanja. Iye adasankha utelala. Pomaliza adapatsidwa satifiketi ndi makina. Akuti mwa atsikana onse amene adaphunzira nawo, amene akupondabe makina ndi awiri okha, ena adagulitsa, ena adangofunditsa nsalu pakona. Funso lake ndi ili: "Chitukuko cha kumudzi chimene amati chikomere aliyense chilipodi, kapena amangotinyengerera kuti tisapite m'tauni? Ndikhale kapena ndinyamuke?"

Achemwali, ndiyambire pa makina anuwo. Luso lanu lilibe mlandu. Telala amadya mlimi akakolola. Munthu amasoketsa diresi akagulitsa mbewu n'kutsala ndi kenakake m'thumba. Mukaphunzitsa atsikana khumi kusoka m'dera limene anthu amagula chovala kamodzi pachaka, chimenecho n'kukhalanso cha kaunjika, ndiye kuti mwangotenga umphawi womwewo n'kuugawa pakhumi. Mapologalamu ambiri a achinyamata amalakwitsa pomwepa. Amawerenga anthu amene aphunzitsidwa, chifukwa ndiwo osavuta kuwajambula chithunzi pa tsiku la masatifiketi. Wogula palibe amene amamuwerenga.

Ndipo simuli nokha. Banki ya African Development Bank imati chaka chilichonse achinyamata pakati pa 10 ndi 12 miliyoni mu Africa amafika msinkhu wofuna ntchito, pomwe ntchito zolembedwa zimene zimapezeka ndi pafupifupi 3 miliyoni. Otsalawo amadzilemba okha, ndipo ambiri ali kumudzi. Choncho nkhani yeniyeni ndi ya mmene ndalama zingayambire kuzungulira kumidziko.

Pali malo kumene zidatheka. Chakumapeto kwa 1978, m'mudzi wa Xiaogang ku China, alimi 18 adakumana mobisa n'kudinda zala papepala. Adagwirizana kugawana minda imene nthawi imeneyo inkalimidwa pagulu, kuti banja lililonse lipereke gawo la boma, zotsala zikhale zake. Zidali zoletsedwa, mwakuti adalonjezana kuti wina akamangidwa anzake amulerera ana. Chaka chotsatira adakolola zochuluka kwambiri, ndipo patapita zaka zochepa boma lidalola njira imeneyi dziko lonse. Chimene anthu amaiwala ndi chimene chidatsatira. Alimi atayamba kugwira ndalama adafuna njerwa, simenti, njinga, mipando, zovala. Timafakitale ta m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono tidaphuka ngati bowa. Mu 1978 tinkalemba anthu pafupifupi 28 miliyoni, pofika mu 1996 adali 135 miliyoni. Atelala a kumeneko adapeza ntchito chifukwa mlimi adayamba wapeza.

Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ine n'cha mkaka ku India. Mu 1946 alimi a ku Anand, m'chigawo cha Gujarat, adatopa ndi amalonda amene ankawagula mkaka pamtengo wolira, n'kuyambitsa kopaletivi imene lero imadziwika kuti Amul. Taganizirani mmene zimakhalira m'mawa pamalo osonkhanitsira. Mayi wafika ndi kachigubu ka malita awiri. Mnyamata wapasikelo akuyeza, wina akutunga pang'ono kuti aone kuchuluka kwa mafuta, kalaliki akulemba, mayi uja akulandira zake malinga ndi muyeso. Madzulo abweranso. Tsono werengani anthu amene akudyera pa malita awiriwo: woyeza, wolemba, dalaivala wa thanki, wokonza firiji, wobaya ziweto katemera, wogulitsa chakudya cha ziweto. Ambiri mwa amenewa ndi achinyamata opanda ndi ng'ombe imodzi yomwe. Verghese Kurien, mmodzi wa atsogoleri a Amul, adafalitsa njira imeneyi kudzera mu pologalamu ya mkaka yotchedwa Operation Flood kuyambira 1970, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 India idakhala dziko lopanga mkaka wambiri kuposa lina lililonse.

N'chifukwa chake ndimakwiya pang'ono ndikamva akuluakulu akuuza achinyamata kuti "bwererani kumunda" ngati kuti khasu ndiye ntchito yokhayo kumudzi. Pakati pa munda ndi mbale pali kunyamula, kusunga, kugaya, kuumitsa, kulongedza, kukonza mapampu, kubwereketsa mathirakitala. Koma zonsezi zimafuna msewu wodutsika nthawi ya mvula, magetsi ndi madzi othirira, zinthu zimene mtsikana wa zaka 23 sangazigule ndi ngongole ya gulu. Kumwera kwa chipululu cha Sahara anthu pafupifupi 600 miliyoni alibe magetsi. Atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Maputo mu 2003 kuti aziika 10 peresenti ya bajeti pa ulimi, adabwerezanso ku Malabo mu 2014, koma maiko amene akwaniritsa ndi owerengeka pa zala.

Tsopano mawu aja akuti "chikomere aliyense". Apa mpamene pali bodza lambiri, ndipo mwachita bwino kukayika. Mudzi ukhoza kutukuka inu n'kutsala. Sikimu yothirira ikabwera, imapindulira amene ali ndi munda, ndipo wachinyamata nthawi zambiri amadikira kuti makolo amugawire kapena amwalire. Kwa mtsikana mpanda wake ndi wautali koposa. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, limati mwa eni minda padziko lonse, amayi sakwana 15 pa 100 alionse. Wopanda munda alibe chikole, wopanda chikole banki siimuyang'ana. Onjezani kutunga madzi, kulera ana ndi kudwazika matenda, muona chifukwa chake msonkhano wa "achinyamata" umadzaza ndi anyamata, ena mwa iwo a imvi kale. Kukoma kwa kopaletivi ya mkaka ija n'kwakuti khomo lake n'lotsika. Wa malita awiri amalowa chimodzimodzi wa malita makumi awiri, ndipo aliyense ali ndi voti imodzi. India yomweyo mu 2005 idakhazikitsa lamulo lopatsa banja lililonse la kumudzi ufulu wa masiku 100 a ntchito yolipidwa pachaka, n'kulamula kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ogwira ntchito akhale amayi. Lidali ndi mavuto ake, malipiro kuchedwa ndi zina, koma amayi adalowamo ambiri chifukwa malo awo adalembedwa m'lamulo.

Mwina mukuti bola akadakupatsani mpamba wokwanira. Zimathandiza, koma tamvani izi. Mu 2008 boma la Uganda lidapereka ndalama kwa magulu a achinyamata kumpoto kwa dzikolo, pafupifupi madola 380 munthu mmodzi, kuti aphunzire ntchito ndi kugula zipangizo. Patatha zaka zinayi ankapeza ndalama zoposa anzawo amene sadalandire ndi 38 peresenti. Patatha zaka zisanu ndi zinayi, anzawo aja adali atawapeza. Mpamba udawafulumizitsa, koma denga la msika wa kwawo lidali pomwepo.

Ndiye mukhale kapena munyamuke? Sindikuuzani kuti kupita m'tauni n'kuthawa nkhondo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo palibe dziko limene lidatukuka anthu ake onse ali kumunda. Ngakhale ndalama zimene a m'tauni amatumiza kwawo ndi gawo la chitukuko cha kumudzi. Chokhacho, mzinda waukulu uli ndi atelala ake ambirimbiri, lendi ikudikira mwezi ndi mwezi. Nthawi zambiri mwayi umakhala pakatikati, m'tauni yaing'ono kapena pamsika waukulu umene alimi amagulitsirapo, pomwe mukhoza kugwira ntchito osataya kwanu.

Musanamange katundu, chitani kaye kafukufuku wanuwanu kwa mwezi umodzi. Pitani pamalo pamene ndalama zimasinthana manja m'dera lanu, mukhale pansi ndi kope. Lembani zimene zimatuluka zosakonzedwa, zimene zimawola zisanagulidwe, ndi zimene anthu amakwerera galimoto kukagula kutali. Funsani amene amagula zambiri nthawi imodzi: sukulu zofuna yunifolomu, chipatala chofuna makatani, ogula mbewu ofuna matumba osokedwa pakamwa. Kenako mukapeze mnzanu uja amene akusokabe ndi ena aja adafunditsa makina, chifukwa oda ya yunifolomu 200 sangaipereke kwa munthu mmodzi wa makina amodzi, koma kwa anthu asanu akhoza. Bungwe lina likadzabweranso ndi maphunziro, mudzaimike dzanja n'kufunsa kuti wogula ndani, ndipo mwa olembedwawo atsikana opanda munda ndi angati.

Kope lija likadzakhala lopanda kanthu mwezi ukatha, nyamukani, makinawo musagulitse, mupite nawo. Mudzandilemberenso kuti mwapezamo zotani.